Dongosolo la Ntchito za Boma ndi Njira Zolondolozera Ogwira Ntchito M'boma

Gawo 12 la malamulo oyendetsera dziko lino, amene adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1994, limanena kuti mphamvu zonse zolamulira dziko zimachokera kwa anthu a m'Malawi, ndipo aliyense amene wapatsidwa mphamvuzo amangozisunga m'malo mwa eni ake. Mfundoyi imakhudza mtsogoleri wa dziko ndi nduna zake, koma imakhudzanso mlembi wamkulu wa mu unduna, bwanamkubwa, mlangizi wa zaulimi ngakhale kalaliki wa pa chipatala cha kumudzi. Nkhani ino ikufotokoza m'mene ntchito za boma zidagawidwira, ndi maofesi amene lamulo lidakhazikitsa kuti aziona ngati ogwira ntchito m'boma akutsata malamulo.

Nthambi zitatu za boma

Boma lili ndi nthambi zitatu. Nthambi yoyendetsa boma imatsogozedwa ndi mtsogoleri wa dziko pamodzi ndi nduna. Nyumba ya Malamulo imapanga malamulo ndi kuvomereza ndondomeko ya zachuma, ndipo pa chisankho cha mu Sepitembala 2025 mipando ya aphungu idakwera kuchoka pa 193 kufika pa 229. Nthambi yachitatu ndi makhoti, amene amatanthauzira malamulo ndi kuweruza milandu. Ogwira ntchito m'boma ambiri ali pansi pa nthambi yoyamba, koma nthambi ziwiri zinazo zili ndi mphamvu zowafunsa ndi kuwadzudzula.

Malikulu a maunduna ambiri ali ku Capital Hill mu mzinda wa Lilongwe, umene udakhala likulu la dziko m'chaka cha 1975 m'malo mwa Zomba.

Nduna ndi mlembi wamkulu

Pamwamba pa ogwira ntchito m'boma onse pali mlembi wamkulu wa mu ofesi ya mtsogoleri wa dziko ndi nduna. Udindowu wakhala ukudziwika ndi maina awiri, Chief Secretary kapena Secretary to the President and Cabinet, malinga ndi boma limene lilipo. Mkuluyu ndiye amasunga zimene nduna zagwirizana pa mikumano yawo ndi kuonetsetsa kuti maunduna akuzikwaniritsa.

Unduna uliwonse uli ndi atsogoleri awiri amene ntchito zawo n'zosiyana. Nduna ndi munthu wa ndale, imapereka mfundo zoti unduna utsate, ndipo imayankha mafunso a aphungu m'Nyumba ya Malamulo. Mlembi wamkulu, amene ambiri amangoti PS, ndi wogwira ntchito m'boma ndipo ndiye amayang'anira antchito, katundu ndi ndalama za undunawo tsiku ndi tsiku. Lamulo la kayendetsedwe ka chuma cha boma la 2003, limene lidalowedwa m'malo ndi lina m'chaka cha 2022, limaika udindo wa ndalama za unduna pa mlembi wamkulu. Izi zikutanthauza kuti ndalama zikasokonekera, woyamba kufunsidwa ndi iyeyo, ngakhale atanena kuti adangomvera zimene wamkulu wina adalamula pakamwa.

Pansi pa mlembi wamkulu pali akuluakulu a nthambi, achiwiri awo, ndi maofesala osiyanasiyana mpaka kufika kwa amesenjala ndi alonda. Maudindowa adagawidwa m'magiredi a zilembo, ndipo giredi A ndiyo yapamwamba kwambiri.

Kulemba ntchito ndi kusunga mwambo

Pofuna kuti ntchito za boma zisamaperekedwe mwachibale kapena motengera chipani, malamulo oyendetsera dziko adakhazikitsa bungwe la Civil Service Commission, limene limalemba ntchito, kukweza pa udindo ndi kulanga ogwira ntchito m'boma a magiredi ambiri. Aphunzitsi, ogwira ntchito zachipatala, apolisi, oweruza milandu ndi ogwira ntchito m'makhonsolo ali ndi mabungwe awoawo ogwira ntchito yofananayo. Alembi akuluakulu amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko.

Mfundo za kagwiridwe ka ntchito zili m'lamulo la Public Service Act la 1994 komanso m'buku la Malawi Public Service Regulations, limene limafotokoza za tchuthi, kusamutsidwa, zolakwa ndi zilango zake. Nthambi yoona za ogwira ntchito m'boma ya DHRMD ndiyo imasunga chiwerengero cha maudindo ovomerezeka mu unduna uliwonse. Ntchito imeneyi njofunika chifukwa kaundula wa antchito akapanda kusamalidwa, malipiro amapita kwa anthu amene adamwalira, adapuma kapena sadagwirepo ntchito n'komwe.

Gawo 193 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa wogwira ntchito m'boma kugwiritsa ntchito udindo wake pokweza kapena kupondereza chipani chilichonse, ndipo limaletsanso boma kapena chipani kugwiritsa ntchito katundu wa boma pa zochitika za ndale. Maboma amasintha pa chisankho, koma ogwira ntchito m'boma amatsala ndipo amayenera kutumikira boma lililonse losankhidwa mwalamulo.

Mphamvu ku anthu

M'chaka cha 1998 boma lidakhazikitsa ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono. Kuchokera apo, ntchito monga sukulu za pulayimale, zipatala zing'onozing'ono ndi ulangizi wa zaulimi zakhala zikuperekedwa m'manja mwa makhonsolo a m'maboma 28 ndi a m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Bwanamkubwa ndiye mkulu wa ogwira ntchito pa khonsolo ya boma, ndipo makhansala osankhidwa ndi anthu ndiwo amavomereza ndondomeko ya chuma cha khonsoloyo ndi kufunsa m'mene ndalama zayendera. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidalibe makhansala chifukwa chisankho chawo sichidachitike, ndipo m'zaka zimenezo makhonsolo ankayenda popanda anthu osankhidwa owayang'anira pafupi.

Njira imene ndalama za boma zimadutsa

Misonkho ndi ndalama zina zimene boma limatolera zimalowa m'thumba limodzi lalikulu, ndipo palibe ndalama yoyenera kutuluka m'thumbali popanda chilolezo cha lamulo. Nduna ya zachuma imapereka ndondomeko ya zachuma ku Nyumba ya Malamulo chaka chilichonse, aphungu n'kuikambirana ndi kuivomereza unduna ndi unduna. Kuyambira 2022, chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Malichi, pamene kale chinkayamba mu Julaye. Mlembi wa ku Treasury ndiye amatulutsa ndalama kupita ku maunduna, ndipo ofesi ya Accountant General imasunga mabuku ndi kuyang'anira makina olipirira a IFMIS.

Pa nkhani yogula katundu, unduna uliwonse uli ndi komiti yakeyake, ndipo bungwe la PPDA, limene lidalowa m'malo mwa ofesi ya ODPP potsatira lamulo la 2017, limaona ngati ndondomeko yogulira ndi kugulitsa katundu wa boma yatsatidwa.

Maofesi olondoloza

Mkulu wolondoloza ndalama za boma, Auditor General, adakhazikitsidwa ndi gawo 184 la malamulo oyendetsera dziko. Amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko koma amayenera kuvomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo lipoti lake limapita kwa aphungu. Komiti ya aphungu yoona za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma imaitana alembi akuluakulu ndi mabwanamkubwa kuti akayankhe pa zimene lipotilo lapeza, monga malisiti osowa, mafuta a galimoto osalembedwa m'kaundula ndi maalawansi olipiridwa popanda umboni wa ulendo.

Ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo a anthu amene achitiridwa zosalungama ndi maofesi a boma, ndipo ogwira ntchito m'boma nawonso amakadandaula kumeneko pa nkhani monga kuchedwa kwa penshoni. Ombudsman amasankhidwa ndi komiti ya aphungu yoona za maudindo kwa zaka zisanu. M'chaka cha 2016 ofesiyi, motsogozedwa ndi mayi Martha Chizuma, idatulutsa lipoti lokhudza mathirakitala amene boma lidagula ndi ngongole yochokera ku India n'kuwagulitsa mosatsata ndondomeko. M'chaka cha 2019 khoti lalikulu la apilo lidagwirizana ndi Ombudsman kuti akuluakulu okhudzidwa apepese kwa Amalawi.

Bungwe lolimbana ndi katangale ndi ziphuphu la ACB lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995. Limafufuza, kuzenga milandu ndi kuphunzitsa anthu za kuipa kwa ziphuphu. M'chaka cha 2022 lamuloli lidasinthidwa kuti bungweli lisamadikire chilolezo cha mkulu wozenga milandu ya boma lisanatengere munthu ku khoti. Lamulo la 2013 limalamulanso akuluakulu a boma ndi maofesala ena kuulula chuma chawo, ngongole zawo ndi mabizinesi awo ku ofesi yoona za nkhaniyi.

Nzika nayonso ili ndi mphamvu. Gawo 43 limapatsa munthu ufulu wouzidwa zifukwa, mochita kulemba, pamene chigamulo cha ofesi ya boma chikukhudza ufulu wake, ndipo akhoza kupempha khoti lalikulu kuti liunikenso chigamulocho. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission ndilo limayang'anira lamuloli.

Phunziro la 2013

Kufunika kwa njira zonsezi kudaonekera poyera m'chaka cha 2013 pa nkhani ya kubedwa kwa ndalama ku Capital Hill, imene imadziwika kuti Cashgate. Anthu ena ankalowa m'makina a IFMIS, kulipira makampani amene sadagwire ntchito iliyonse, kenako n'kufufuta umboni. Nkhaniyi idaphulika mkulu woona za bajeti, a Paul Mphwiyo, atawomberedwa mu Sepitembala chaka chomwecho. Kampani ya ku Britain ya Baker Tilly idapeza kuti ndalama pafupifupi K24 biliyoni zidasokonekera m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, mayi Joyce Banda, adachotsa nduna zonse mu Okutobala, ndipo maiko othandiza adaimitsa thandizo lopita mwachindunji ku bajeti. M'chaka cha 2014 yemwe adali mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo adagamulidwa kukakhala kundende zaka zitatu.

Pa nthawiyo malamulo a zachuma adalipo, maofesi olondoloza adaliponso. Chimene chidasowa ndi ofesala wofunsa asanasaine, ndi mkulu woyerekeza mabuku a unduna ndi zimene zatuluka ku banki mwezi uliwonse. Amene adavutika ndi odwala amene adasowa mankhwala m'zipatala ndi ogwira ntchito anzathu amene maunduna awo adachepetsedwa ndalama zoyendetsera ntchito.

Choncho ofesala aliyense ayenera kukumbukira zinthu zitatu. Lamulo lokhudza ndalama kapena katundu wa boma lizibwera molembedwa ndipo lizisungidwa m'failo. Asasaine chikalata cholipirira katundu amene sadamuone kapena ntchito imene alibe umboni woti idagwiridwa. Ndipo pamene olondoloza afunsa, ayankhe mu nthawi yake, chifukwa siginecha ya pa vocha imatsala m'failo ngakhale mwini wake atasamutsidwa kapena atapuma pa ntchito.