Kuyenda kutulo (kwa ana)

Ndi vuto lomwe mwana amadzuka n'kuyamba kuyenda koma ali mtulo tofa nato. Limachitika kawirikawiri m'maola atatu oyambirira a tulo, makamaka kwa ana a zaka 4 mpaka 8, ndipo ambiri limawathera akamakula. Maso amakhala otsegula koma ongoti tong'oo. M'mawa mwanayo sakumbuka kanthu. Vutoli limayenda m'magazi, ndipo kugona mochedwa kapena kutentha thupi, monga kwa malungo, kumalikulitsa.

Choopsa ndi zimene mwanayo angakumane nazo. M'midzi ya ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, mu June ndi July anthu amalowetsa mbaula m'nyumba chifukwa cha kuzizira, ndipo panja pali zitsime zosavindikira ndi maenje oumbira njerwa. Kwa a ku Namitete, msewu wa Lilongwe–Mchinji uli pakhomo. Choncho moto uzimitsidwe, makasu ndi zikwanje zichotsedwe panjira, loko wa chitseko akhale pamwamba pomwe mwana safikira. Chitini chokhala ndi timiyala chomangirira kuchitseko chimadzutsa akulu. Mwana wotere asafulumire kukagona kugowelo.

Mukamupeza akuyenda, musamukalipire kapena kumugwedeza. Mugwireni padzanja n'kumubwezera pamphasa.

Ena amati mwanayo amatamba. Si zoona, ndipo lamulo la 1911 limaletsa kunamizira munthu ufiti. Ngati akuphupha, kuuma thupi kapena kudziluma lilime, mwina ndi khunyu: pitani naye kuchipatala, monga cha St Gabriel's ku Namitete kapena cha Kabudula.