Kodi profanar ndi kudetsa?

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, mawu athu a sabata ino ndi kudetsa. Ndi amene ambirife timathamangira mwana akatifunsa tanthauzo la profanar kapena sacrilégio m'buku la Chipwitikizi. Yankholo si lolakwika, koma lili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ikusonyeza kuti mawuwa sakwana paliponse.

Tiyambe ndi a Chipwitikiziwo. Onse awiri adachokera ku Chilatini. Fanum anali malo opembedzerapo, pro ndiye kutsogolo kapena kunja, choncho profanum chinali chinthu cha kunja kwa malowo, chinthu wamba. Profanar ndi kutenga cham'kati n'kuchisandutsa wamba. Sacrilégio poyamba kunali kuba: sacrum ndi chinthu choperekedwa kwa milungu, legere ndi kutola. Kwa Aroma, sacrilegus anali mbala ya m'kachisi. Mwaona kuti m'mawu awiriwa mulibe litsiro, mulibenso za kuda kapena kuyera.

Athuwa tsinde lake ndi -da. Timati kunja kwada, malaya ada, madzi ada. Tikafuna kunena kuti wina ndiye wachititsa, timawonjezera -ets-, monga timachitira ndi kudya, kudyetsa; kumwa, kumwetsa; kugwa, kugwetsa. Kuda, kudetsa. Ana a kalasi yachitatu amatha kupeza okha lamuloli mukawalembera mawu anayiwa pa bolodi. Pamudzi, kudetsa ndi ntchito ya mwana wosewera m'matope ndi ya ng'ombe zolowa pachitsime. Nanga mawu a pachitsime adakafika bwanji pa guwa?

Njira yaikulu idali Baibulo. Omasulira adafuna mawu onena za chimene Apwitikizi amati santo, ndipo adagawikana. Baibulo la 1922, limene ntchito yake adatsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, lidatchedwa Buku Lopatulika, kuchokera ku kupatula, kuika chinthu pachokha. Akatolika adakonda kuyera, ndipo Baibulo lawo la 1966 ndi Malembo Oyera. La 1998, limene mipingo idamasulira pamodzi, ndi Buku Loyera. Kuno ku Angónia, kumene a Reformada ndi Akatolika takhala moyandikana kuyambira kale, mawu onsewa timawamva Lamulungu lililonse. Ine ndimaona kuti kupatulika kuli pafupi ndi maganizo a Chilatini aja a m'kati ndi kunja. Koma m'kamwa mwa anthu kuyera ndiko kudapambana: Mzimu Woyera, anthu oyera, malo oyera. Ndipo chopatulika chikakhala choyera, wochilakwira sangakhale wina koma wochidetsa.

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo. Mawu akuti kachisi sadabwere ndi amishoni. Kachisi kanali kanyumba kamene makolo ankathirirako nsembe, ndipo omasulira adangobwereka dzinalo n'kulipereka kwa nyumba yaikulu ya ku Yerusalemu. Tsono pa kachisi wa makolowo, chakuda sichinali chodetsedwa ayi. Popempha mvula ankapereka nkhuku yakuda, mbuzi yakuda, nsalu yakuda, chifukwa mtambo wobweretsa mvula ndi wakuda. Mtambo woyera ndi wa chilala. Ku Msinja, m'munsi mwa mapiri a Dzalanyama kufupi ndi malire athu ndi Malawi, kunali Makewana, mayi woyang'anira mvula ya Achewa, amene sankameta tsitsi kuopa kumeta mvula. Malowo adasokonezedwa ndi nkhondo za Angoni m'zaka za m'ma 1800. Ku Khulubvi, kwa Mbona, m'boma la Nsanje, kumene ankapitako ndi anthu a mbali ino ya malire, nsalu yoyenera ndi yakuda, ndipo choletsedwa ndi chofiira, mtundu wa magazi. Munthu wofika kumeneko atavala zofiira walakwira malowo, koma mukanena kuti wawadetsa, mkulu wa kumeneko angakufunseni kuti wawadetsa bwanji pamene zakudazo ndizo zofunika.

Makolo anali ndi muyeso wina: kutentha ndi kuzizira. Munthu amene wangokhala malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi ankatchedwa wotentha, ndipo sankayenera kuyandikira zinthu zozizira monga khanda losatengedwa, namwali ali m'tsimba kapena nsembe ya mvula. Woswa lamuloli ankati wadula mnzake, ndipo matenda otsatirapo ndi mdulo, ena amati tsempho, kuchokera ku kusempha. Tamverani bwino kusiyana kwake. Timati wadetsa guwa, koma timati wadula mwana. Pa kudetsa, chovulala ndi chinthu. Pa kudula, wovulala ndi munthu, ndipo kawirikawiri ndi wosalakwa, wofooka kuposa onse pakhomopo. Wolakwayo amayenda bwinobwino, amene akutsokomola ndi kutupa ndi wina. N'chifukwa chake nkhani ya kuthira mchere m'ndiwo inali yaikulu chotero kwa agogo athu. Ndinene pano, makolo, poti nkhaniyi yatifikitsapo: mwana wotupa miyendo ndi nkhope apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kusowa zakudya m'thupi kumaonekanso motero. Zofufuza amene wadula zisachedwetse ulendowo.

Pali enanso awiri okhudza pakamwa. Kulaula ndi kutchula poyera zosayenera kutchulidwa, makamaka pamaso pa akulu kapena apongozi. Mwano ndi kunyoza wamkulu mwachipongwe, ndipo kuchitira Mulungu mwano ndiye blasfemar. Mwana wolemba kuti munthu wadetsa Mulungu ndi mawu ake amakhala atasowa awiriwa.

Chinyanja chili m'gulu la zilankhulo ziwiri zoyamba kuyesedwa m'sukulu za dziko lino, pa PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, kuno ku Tete, pamene Chichangana chinkayesedwa ku Gaza. Kuyambira 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri adafalikira. Komabe chizolowezi chathu chikadali chofuna liwu limodzi la Chinyanja pa liwu limodzi la Chipwitikizi, ngati kusintha ndalama pamalire. Pa profanar zimenezi zili ndi mtengo wake. Mwana akamamva chaka ndi chaka kuti choyera n'cha Mulungu, chakuda n'chonyansa, popanda womuuza za nkhuku yakuda ya mvula, tsiku lina adzayang'ana khungu la dzanja lake n'kudziwerengera yekha.

M'kalasi mwanga ndimalemba profanar pakati pa bolodi, kenako ziganizo zinayi mozungulira. Anyamata aswa mtanda kumanda. Mbala yaba chikho cha Misa. Mlendo walowa kudambwe asanagule njira. Munthu wotentha wanyamula khanda. Ndimafunsa ana kuti pa chilichonse agogo awo angati bwanji. Pa choyamba ambiri amati adetsa manda, ena amati alakwira mizimu. Pa chachiwiri amangoti waba, ndipo ndimawauza kuti ayankha ngati Aroma. Chachitatu ana a kumidzi ya gule amachidziwa kuposa ine: waswa mwambo, alipira. Chachinayi ndimawapatsa kuti akafunse kunyumba, n'kubwera ndi yankho Lolemba.