Waya, Breaker ndi Earth: Mawu Ofunika Pokonzanso Magetsi a Nyumba Yakale

Nyumba zambiri zakale za ku Zomba, za ku Kanjedza ndi Soche mumzinda wa Blantyre, ngakhalenso zoyambirira za ku Area 18 ku Lilongwe, zinalandira mawaya ake pa nthawi imene banja linkayatsa mababu angapo, wailesi ndi ayironi basi. Siteshoni ya Nkula pa mtsinje wa Shire inayamba kupanga magetsi mu 1966, ndipo zina mwa nyumbazi ndi za msinkhu womwewo. Lero mwalowa furiji, ketulo, kuka, giza ndi TV, koma mawaya ali mu siling'i ndi omwe aja. Mwininyumba akaitana mmisiri, nkhani imathera pa mtengo, chifukwa mawu a ntchitoyo amamudutsa. Ine ndimaona kuti ngozi imayambira pamenepa, pakuti munthu sangafunse chinthu chimene sakuchidziwa dzina.

Mawu oyamba ndi load, kutanthauza kuchuluka kwa magetsi amene zipangizo zikukoka. Mphamvu yokankha magetsi m'nyumba zathu ndi mavolti 230, ndipo imeneyi sisintha ndi zimene mwalumikiza. Chimene chimasintha ndi maampu, muyeso wa magetsi amene akudutsa mu waya. Mukachulukitsa mavolti ndi maampu mumapeza mawati, nambala yolembedwa pansi pa ketulo ija. Ketulo ya mawati 2,000 imakoka pafupifupi maampu 9. Pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito, yomwe inayamba ku Britain mu 1947, imalekeza pa maampu 13, kapena kuti mawati pafupifupi 3,000. Ndiye ganizirani ketulo, ayironi ndi hotipuleti zonse pa extension imodzi.

Maampu akachuluka waya amatentha, n'chifukwa chake mmisiri amatchula manambala ngati 1.5, 2.5 ndi 6. Umenewu ndi muyeso wa kunenepa kwa mkuwa wa m'kati. Wa 1.5 ndi wa mababu, wa 2.5 ndi wa masoketi, ndipo kuka amafuna wa 6 kapena woposerapo. Pogula, funsani ngati ndi mkuwa weniweni. Pamsika pamapezeka waya wotchipa amene mkuwa wake ndi wongopaka pamwamba pa chitsulo china. Mukamupala ndi mpeni amayera, ndipo amatentha msanga kuposa mmene nambala yake ikunenera.

Mkuwa pawokha sukalamba kwenikweni. Chimene chimatha ndi insulation, chokutira cha kunja chija. Nyumba za zaka za m'ma 1950 ndi kumbuyoko zinkakhala ndi waya wokutidwa ndi labala, nthawi zina wokulungidwanso ndi nsalu, PVC isanafale m'ma 1960. Labala akakhala zaka zambiri pansi pa malata, n'kumaphikidwa ndi dzuwa la Okutobala chaka ndi chaka, amauma mpaka kumayoyoka mukangomukhudza. Makoswe amamaliza zotsalazo. Waya wotere sakonzedwa ndi tepi, amafunika kuchotsedwa yense. Ngati nyumbayo ili ndi conduit, mapaipi amene mawaya amadutsamo m'khoma, mwapulumutsa ndalama, chifukwa waya watsopano amakokedwa momwemo osagumula pulasitala.

Pa bokosi logawa magetsi, limene amisiri amangoti DB, ndi pamene pali kusamvetsetsa kwakukulu. Nyumba zakale zili ndi mafyuzi a kawaya kopyapyala, ka maampu 5, 15 kapena 30, kopangidwa dala kuti kaduke waya wa m'khoma asanapse. Fyuzi ikamadukaduka, ena amamangapo waya wonenepa, ena mpaka msomali, n'kumasangalala kuti vuto latha. Chimene achita ndi kusamutsa malo opsera, kuchoka m'bokosi kupita mu siling'i momwe muli matabwa ouma. Breaker imagwira ntchito yomweyo, kungoti imagwa m'malo moduka. Kuchotsa ya maampu 20 n'kuika ya 32 pa waya yemweyo ndi msomali uja ndithu. Kukula kwa breaker kumatengera waya, osati zofuna za mwininyumba.

Anthufe vuto lililonse la magetsi timati shoti, koma mmisiri amasiyanitsa zinthu zitatu. Shoti yeniyeni ndi pamene waya wa live, wobweretsa magetsi, wakhudzana ndi wa neutral, wobwezera, ndipo breaker imagwa nthawi yomweyo. Overload ndi kusenzetsa waya mopitirira, ndipo imatenga nthawi. Chachitatu ndi kutayikira kwa magetsi pa chitsulo cha kuka, furiji kapena mpope wa kubafa, ndipo ichi n'chimene chimapha. Breaker ya maampu 32 siingamve kanthu munthu akugwidwa ndi nyesi, chifukwa magetsi osafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a ampu amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima.

Apa m'pamene earth imafunikira. Ndi waya wachitatu wolumikiza chitsulo cha chipangizo chilichonse ndi nthaka, kuti magetsi otayikira apeze njira yosadutsa m'thupi la munthu. Tsoka lake n'lakuti babu amayaka ndipo furiji imazizira ngakhale iye palibe, choncho mmisiri wachinyengo akafuna kudula mtengo amayambira pa ameneyu. M'nyumba zakale muli msampha wina. Earth inkamangidwa pa paipi yachitsulo ya madzi, ndipo tsiku limene pulambala anaika mapaipi a pulasitiki, nyumbayo inatsala yopanda chitetezo popanda wina kudziwa. Pokonzanso pamafunika ndodo yakeyake yokhomedwa pansi, komanso RCD, imene ena amati earth leakage. Kachipangizoka kamayerekeza magetsi opita ndi obwerera, ndipo kakaona kuti kusiyana kwafika pa mamiliampu 30, kamathimitsa m'kamphindi.

Za mitundu n'zachidule. Waya wakale wa live ndi wofiira, neutral wakuda, earth wobiriwira. Ku Britain kuyambira 2004 live anasintha kukhala wa bulawuni ndi neutral wa buluu, earth atasintha kale kukhala wa mizere yobiriwira ndi yachikasu, ndipo mitundu yonseyi imakumana m'nyumba zowonjezeredwa zipinda. Mtundu si umboni, waya aliyense ayezedwe asanakhudzidwe.

Kuyezako ndi mbali ya ntchito imene mumalipira. Kuti magetsi akuyaka sizitanthauza kuti ntchito yatha. Mmisiri woona amayeza insulation ndi makina otchedwa Megger, amene amatumiza mavolti 500 mu waya, amatsimikiza kuti earth ikufika pa soketi iliyonse, komanso kuti swichi ikudula live osati neutral. Akhale ndi chiphaso cha MERA, ndipo manambala amene wapeza akulembereni pa pepala. Mita ndi waya wochokera ku pholo ndi za ESCOM, iye asazigwire. Ngati ndalama sizikwana nyumba yonse nthawi imodzi, yambani ndi DB, earth ndi RCD, kenako kukhitchini ndi kubafa, zipinda zogona zibwere pambuyo.