Ku Nzama kunafika ansembe atatu, mpingo anausenza ndi anthu a m'mudzi

Pa 25 Julaye 1901, ansembe atatu a chipani cha Montfort anafika ku Nzama, m'dziko la mfumu ya Angoni Njobvuyalema, kumapiri a kufupi ndi malire a Mozambique m'boma la Ntcheu. Anali a Pierre Bourget, a Auguste Prézeau ndi a Antoine Winnen, ndipo anabwera atapemphedwa ndi Ambuye Joseph Dupont, episkopi wa chipani cha White Fathers amene anthu ankamutchula kuti Motomoto. Sanali Akatolika oyamba kuponda dziko lino. A White Fathers anali atayesapo kale kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, koma mu 1891 anasamuka zinthu zitawakanika. Nzama ndiye mishoni yoyamba ya Chikatolika imene inakhazikika osazulidwanso, ndipo parishi ina iliyonse m'Malawi ndi mng'ono wake.

Anafika pa nthawi yovuta. Panali patangopita zaka zisanu kuchokera pamene atsamunda anapha Inkosi Gomani woyamba mu 1896, ndipo Angoni a kwa Maseko anali asanaiwale. Komanso malo anali ndi eni ake kale pa nkhani ya mapemphero: a Dutch Reformed anali ku Livulezi, a Zambezi Industrial Mission ku Ntonda ndi ku Dombole, a Baptist ku Gowa. Onsewa anali ndi sukulu zawo ndi aphunzitsi awo. Alendo atatu osadziwa bwino chinenero cha kuno sakanatha kulimbana nawo pa okha.

N'chifukwa chake chinthu choyamba chimene anachilimbikira chinali sukulu, imene inatsegulidwa ku Nzama mu 1902. Anyamata amene anayamba kudziwa kuwerenga ndi amene anatumizidwa m'midzi kukayambitsa tisukulu ta udzu, momwe ankaphunzitsa alifabeti m'mawa, katekisimu masana. Mphunzitsi woteroyo ndiye ankaliza ng'oma yoitanira anthu ku mapemphero, kusunga kaundula wa akalasi oyembekeza ubatizo, kubatiza wodwala amene watsala pang'ono kutsirizika, ndi kuyankha mfumu ikafunsa chifukwa chimene mwana wa uje wakanira kupita ku chinamwali. Wansembe ankangofika mwa apo ndi apo, pansi kapena panjinga, kudzamva kulapa ndi kupereka Misa, n'kupitirira. Mabuku a mbiri ali ndi mayina a ansembe ndi masiku awo obadwa, koma aphunzitsi ambiri a nthawi imeneyo anangotsala m'kaundula wa malipiro, ndipo malipirowo anali ochepa zedi. Komabe mabanja ambiri a ku Ntcheu Chikatolika anachilandira kwa mphunzitsi wa m'mudzi, mzungu anangodzathira madzi.

Mu Disembala 1903 Roma inakhazikitsa chigawo cha Shire n'kuchipereka kwa a Montfort, ndipo a Prézeau anakhala mtsogoleri wake. Likulu linakakhala kumwera, ku Nguludi, ndipo Nzama inasanduka mishoni ya kumalire. Kumpoto kwake a White Fathers anali atabwerera mu 1902 n'kutsegula Mua, kenako Ntakataka ndi Bembeke. Kwa zaka zoposa makumi asanu, Mkatolika wa ku Ntcheu ndi Mkatolika wa ku Dedza, anthu ogulitsana mbatata pamsika umodzi, anali pansi pa maepiskopi osiyana, ndipo ansembe awo anali a zipani ziwiri zosiyana kachitidwe.

Zimenezi zinatha mu 1956, pamene Roma inadula mbali ya chigawo cha a White Fathers cha Likuni ndi mbali ya chigawo cha a Montfort cha Zomba n'kupanga chigawo chatsopano cha Dedza, chomwe chinakhala dayosizi mu 1959. Amene anapatsidwa udindo wolumikiza mbali ziwirizi anali a Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe mu 1937, amenenso anakhala Mmalawi woyamba kukhala episkopi. Dziko linali lidakali m'manja mwa atsamunda, ufulu utatsala zaka zisanu ndi zitatu, koma akhristu a ku Nzama, Nsipe ndi Tsangano anali kale ndi episkopi wakuda wokhala ku Bembeke. Ambuye Chitsulo anatsogolera mpaka pamene anamwalira mu 1984. Anayambitsa chipani cha asisiteri a Presentation, ndipo m'zaka zawo mishoni zambiri zinachoka m'manja mwa azungu n'kulowa m'manja mwa ansembe a dayosizi. Apa panabuka funso limene likadalipobe: wansembe wachizungu ankalembera abale ake ku Ulaya ndalama n'kubwera, nanga wansembe wobadwira kwa Ganya alembera yani?

Yankho linabwera ndi kusintha kwa mpingo wonse. Msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri, kuyambira 1962 mpaka 1965, unaphunzitsa kuti mpingo ndi anthu onse obatizidwa, osati ansembe okha. Maepiskopi a m'chigawo chino cha Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, anagwirizana mu 1973 ndi kutsindikanso mu 1976 kuti maziko a mpingo akhale timagulu ta mabanja oyandikana. Ndi timene timati miphakati, ena amati malimana. Amene anakoka kwambiri ganizoli kuno kwathu anali Ambuye Patrick Kalilombe a ku Lilongwe, amene anachititsa sinodi ya dayosizi yawo kuyambira 1973 mpaka 1975, ndi mfundo yoti mpingo uzidzitumikira wokha, uzidzidalira pa chuma, ndiponso uzidzifalitsa wokha. Boma la chipani chimodzi silinakondwe kuona anthu akusonkhana m'midzi popanda tcheyamani wa chipani. Zaka za m'ma 1970 zisanathe, a Kalilombe anali atachoka m'dziko muno n'kutula pansi udindo, koma miphakati inatsala n'kufalikira madayosizi onse, Dedza yomwe.

Lero munthu akafuna kudziwa mmene parishi ya kumudzi ngati Kandeu kapena Sharpevale imayendera, asayambire ku nyumba ya ansembe. Ayambire pabwalo la munthu wina pakati pa sabata, pamene mabanja akhala pamphasa kuwerenga Mawu a Mulungu ndi kugawana zimene amva. Kumeneko n'kumene amakambirana za wodwala amene akufunika kumuyendera, za banja limene likugwedezeka, za amene akalime kumunda wa tchalitchi, za mtulo ndi masika. Mwana sabatizidwa, ukwati sudalitsidwa, popanda atsogoleri a mphakati kuchitira umboni kuti anthuwo amawadziwa. Nkhani ikakula imapita kwa agulupa ndi khonsolo ya tchalitchi, kenako ku khonsolo ya parishi, kumene bambo mfumu amakhala pansi ndi oimira nthambi zonse. Parishi imodzi imatha kukhala ndi matchalitchi ambiri pamene ansembe ndi awiri kapena atatu, ndiye Lamulungu lambiri pa chaka kunthambi kumakhala mapemphero opanda wansembe. Wolalikira ndi katekisiti kapena mkhristu wosankhidwa, ndipo maliro ambiri amaikidwa ndi anthu omwewa. Dzinja likafika, misewu ya ku Tsangano ikasanduka matope, ndiye n'kosachita kunena.

Dongosololi linayesedwa kwenikweni kawiri. Koyamba ndi nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990, pamene othawa kwawo m'dziko muno anapitirira miliyoni imodzi. Ku Ntcheu, komwe msewu waukulu wa M1 ndiwo malire m'malo ena monga ku Lizulu, ambiri anangowoloka n'kudzakhala pakati pa abale awo olankhula chinenero chimodzi. Pakati pawo panali Akatolika a ku Angonia, ndipo asanafike a mabungwe ndi matumba a ufa, owalandira anali midzi ndi matchalitchi a m'malire. Kachiwiri ndi pa 8 Marichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi yodzudzula ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda inawerengedwa m'matchalitchi. Ambuye Gervazio Chisendera, amene analowa m'malo mwa a Chitsulo, anali mmodzi mwa osaina, ndipo inasindikizidwa pafupi pomwepa, kwa a Montfort ku Balaka. Timakumbukira maepiskopi amene anaopsezedwa, ndipo n'koyenera. Koma kalata siyenda yokha kukafika kunthambi. Panali anthu wamba amene anainyamula, kuiwerenga pamaso pa anzawo ndi kuisunga, boma litalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu, ndipo iwo analibe mkanjo wowateteza.

Sikuti zonse n'zosalala. Malamulo a mpingo amati khonsolo ya parishi ndi yolangiza chabe, mawu omaliza ndi a bambo mfumu. Kumene wansembe ali womvera anzake zinthu zimayenda. Kumene ali wa "ndanena ndanena", akhristu amangoitanidwa pofuna zopereka, ndipo lipoti la ndalama limachedwa kutuluka. Mbali inayi nayonso ili ndi zake, chifukwa alipo atcheyamani amene amakakamira mpando ngati ufumu wa kwawo. Makatekisiti, amene ntchito yawo ndiyo yakale kwambiri mwa zonsezi, mpaka pano sapeza zokwanira kudyetsa banja. Ndipo aliyense amene wapitako kumphakati akudziwa kuti odzaza mphasa ndi amayi: a bungwe la Amayi a Chikatolika, a Legio ya Maria, a kwaya. Iwowo ndiwo amasesa tchalitchi, kuphika pamaliro ndi kutolera ufa wa ku seminale. Koma mukakwera kuchoka kumphakati kupita kukhonsolo ya parishi, mipando yakutsogolo imachulukira abambo. M'dera limene mbumba ndi munda zimayendera kwa amayi m'midzi yambiri, zimenezi n'zofunika kuziunika mosabisa.

Atachoka a Chisendera mu 2000 panabwera Ambuye Rémi Ste-Marie, a White Fathers ochokera ku Canada, amene pambuyo pake anapita ku Lilongwe. Anatsatira ndi Ambuye Emmanuel Kanyama mu 2007, amene anamwalira mu Febuluwale 2018. Dayosizi inakhala zaka zitatu popanda episkopi, ikuyang'aniridwa ndi wansembe wogwirizira, mpaka mu 2021 pamene Papa Francis anasankha a Peter Adrian Chifukwa, wansembe wa dayosizi yomweyi. Chaka chomwecho Papayo anatsegula sinodi ya mpingo wonse yokhudza kuyendera limodzi, ndipo analamula kuti gawo loyamba likhale lomva maganizo a akhristu m'madayosizi awo. Ku Ntcheu sipanafunike kukonza bwalo latsopano lofunsira anthu, pakuti mafunsowo anatsikira m'njira imene imayenda kale makalata a ubatizo ndi ndalama za mtulo: kuchoka ku Bembeke kupita kuparishi, kunthambi, mpaka kumphakati.