Zikalata Zimene Zinatsekeredwa ku Hanslope Park

Pamene dziko la Kenya linali pafupi kulandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1963, akuluakulu a boma la atsamunda anali ndi ntchito ina imene sanailengeze pa wailesi. Iwo anali kusankhula zikalata za boma. Zimene anaziona kuti zingachititse manyazi boma la Britain sanafune kuti zigwe m'manja mwa eni dziko. Zina anazitentha, ndipo mafayilo ngati 1,500 anawakweza ndege kupita nawo ku Mangalande. Zoterezi zinachitikanso m'maiko ena ambiri, kotero kuti lamulo linkalola ngakhale kuika zikalata m'mabokosi olemera ndi kuzimiza m'nyanja yakuya.

Boma la Kenya linapempha zikalata zake m'chaka cha 1967, koma linabwerako chimanjamanja. Kwa zaka zoposa 40 zikalatazo zinakhala chotsekeredwa, ndipo potsiriza zinapezeka m'nyumba ya boma yotchingidwa ndi mpanda ku Hanslope Park, m'dera la Buckinghamshire. Anthu ambiri sanaone ngati patayika kanthu, pakuti pepala lakale silidyedwa.

Amene anamva kuŵaŵa kwake anali okalamba a kumidzi ya Akikuyu ndi Akamba. Pa nthaŵi ya nkhondo ya Mau Mau, kuyambira 1952 kufikira 1960, anthu zikwizikwi anatsekeredwa m'misasa ya akaidi kumene anamenyedwa, akazi kugwiriridwa, amuna ena kufulidwa. Pa msasa wa Hola pokha, akaidi 11 anaphedwa ndi zibonga m'mwezi wa Malichi 1959. Opulumuka anali ndi zipsera m'thupi, komatu bwalo la milandu silikhutira ndi chipsera. Limafuna kudziŵa amene analamula, tsiku limene analamula, ndiponso ngati akuluakulu a ku London ankadziŵa. Mayankho ake anali m'mafayilo otsekeredwa aja.

M'chaka cha 2009 okalamba asanu anakasuma mlandu ku London. Akatswiri a mbiri yakale, mmodzi wa iwo David Anderson, anaumirira kuti pali zikalata zimene sizinaoneke. Mu 2011 boma la Britain linavomera kuti linalidi nazo, ndipo sizinali za Kenya yekha ayi, koma za maiko 37 amene kale linkawalamulira. Za Nyasaland nazonso zinali momwemo, dziko limene m'chaka chomwecho cha 1959 anthu oposa 50 anaphedwa boma litalengeza lamulo la chipwirikiti. Zikalatazo zinayamba kutsegulidwa ku Kew mu 2012.

Chitseko chitatseguka, mlandu sunachedwenso. M'mwezi wa Juni 2013 nduna yoona za maiko akunja, William Hague, inauza nyumba ya malamulo kuti boma likumva chisoni ndi nkhanza zimene zinachitika, ndipo lipereka mapaundi 19.9 miliyoni kwa anthu 5,228. Atachotsapo malipiro a maloya, munthu aliyense analandira mapaundi osafika 3,000. Ndalama zotere zikanabwera munthu akali ndi mphamvu zikanagula munda kapena kuphunzitsa ana. Zinafika kwa nkhalamba za zaka 80, zina zosaonanso bwino. Mwa asanu aja amene anayamba mlandu, si onse amene anakhala ndi moyo kufikira nkhani itatha.

Choŵaŵa kwambiri chinadza pambuyo. Anthu ena oposa 40,000 anasumanso mlandu wawo, ndipo unazengedwa kwa nthaŵi yaitali, ndalama zambiri zikuthera m'khoti. Mu 2018 woweruza anaukana. Chifukwa chimene anapereka n'chakuti papita zaka zambiri, mboni zimene zikanayankha m'malo mwa boma zinafa, ndipo zikalata zina sizipezeka, tsono mlanduwo sungazengedwe mwachilungamo. Motero kusoŵa kwa zikalata kunateteza boma lomwelo limene nthumwi zake zinasonkha moto mu 1963, ndipo odandaulawo sanalandire kanthu.