Ndowa ya ku Bembeke ndi kilogalamu ya ku France

Mbatata ya kachewere yolimidwa m'mapiri a Dedza siikwera pa sikelo kawirikawiri. Pa Bembeke kapena pa Chimbiya, m'mbali mwa msewu wa M1, muyeso wake ndi mulu, ndowa kapena thumba. Nanga thumbalo limalemera bwanji? Zimatengera amene wabwera nalo. La venda amalisokerera pamwamba mpaka anyamata awiri kuvutika kulikweza pa lole, koma powerengera ndalama likadali thumba limodzi.

Ine ndimaona kuti mbiri ya kilogalamu inayambira pa mkangano ngati womwewu, ngakhale unachitikira kutali. Ku France, chisanafike chaka cha 1789, dera lililonse linali ndi miyeso yakeyake. Alimi ankapereka gawo la tirigu wawo kwa eni malo, ndipo choyezera chinkasungidwa ndi eni malo omwewo. Alimi ankadandaula kuti choyezeracho chimangokulirakulira. Anthu atauzidwa kuti alembe madandaulo awo kwa mfumu mu 1789, ambiri anapempha kuti dziko lonse likhale ndi muyeso umodzi.

Ufumu utagwa, lamulo la mu 1795 linakhazikitsa galamu, ndipo mu 1799 anasula kachitsulo ka platinamu kolemera mofanana ndi lita imodzi ya madzi. Imeneyo ndiyo kilogalamu. Mawu akuti kilo anachokera ku Chigiriki, ndipo amatanthauza 1,000. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti anasankha madzi, chinthu chopanda mwini, kuti pasapezeke bwana wonena kuti muyeso ndi wake. Komabe muyesowo unakathera m'manja mwa osunga makiyi: kuyambira mu 1889, kilogalamu ya dziko lonse lapansi inali kachitsulo kena kotalika mamilimita 39, kotsekeredwa ku Sèvres, pafupi ndi Paris. Kanapuma ntchito pa 20 May 2019, asayansi atagwirizana zoti kilogalamu iziwerengedwa kuchokera ku nambala yosasintha ya m'chilengedwe yotchedwa ndi dzina la Max Planck.

Kwathu kuno kilogalamu inapeza paundi itakhazikika kale. M'nthawi ya Nyasaland, fodya ndi thonje zinkagulidwa pa paundi ya Angerezi, yomwe ndi magalamu pafupifupi 454. Dzinalo linachokera ku mawu a Chilatini akuti libra pondo, n'chifukwa chake chidule chake ndi lb, zilembo zomwe mulibe m'mawu akuti paundi. Ndalama ya Angerezi nayo inatenga dzina lomweli, ndipo kwacha itabwera mu 1971, K2 inkafanana ndi paundi imodzi. Mpake agogo ena ankatchulabe K2 kuti paundi.

Paundi ya sikelo nayo sinachokeretu. Funsani akuluakulu za thumba la chimanga la makilogalamu 90 la masiku akale a ADMARC. Ndani angangodzuka n'kusankha 90? Thumba la atsamunda linali la mapaundi 200, ndipo mukawerengera mupeza makilogalamu 90 ndi kakang'ono pamwamba. Thumba linali lomwelo, anangosintha nambala.

Anzanga ena amati alimi a kachewere akanangosiya ndowa n'kuyamba sikelo, kuberedwa kukanatha. Sindikugwirizana nawo kwenikweni. Ndowa ikapindidwa pansi kapena thumba likasokereredwa, mayi wogulitsa amaona ndi maso ake ndipo amatha kukana. Sikelo ikaseweretsedwa m'kati, muvi umaloza nambala yabodza mwaulemu, ndipo palibe poyambira kutsutsa. Ntchito yoyendera masikelo a malonda ili m'manja mwa bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972. Koma sikelo ya venda imakolekedwa pa nthambi ya mtengo m'mudzi m'mawa, ndipo pofika madzulo yapachikidwa kale pa njinga, ikupita kwina.