Masutikesi a ku Willard

M'maiko a Azungu alipo anthu amene cikondwerero cao ndico kulowa m'mabwinja a mafakitale ndi a zipatala za odwala misala, atanyamula makamera, kuti ajambule makoma osendeka ndi makama adzimbiri. Zithunzi zao nzokoma m'maso ndithu, koma ine ndiziyesa zoperewera, pakuti zionetsa nyumba osaonetsa anthu amene anakhalamo. Tsono ndifuna kukusimbirani, awerengi, za bwinja limodzi limene linasunga mbiri ya anthu ace.

Cipatala ca Willard cinamangidwa m'mbali mwa nyanja ya Seneca, m'cigawo ca New York ku Amereka, ndipo cinatsegulidwa m'caka ca 1869. Anacicha dzina la Dr. Sylvester Willard, amene anafunsafunsa za kasungidwe ka amisala m'nyumba za amphawi, napeza kuti ena anali omangidwa ngati nyama. Woyamba kulandiridwa anali mkazi amene anakhala m'unyolo zaka 10. Tisafulumire tsono kutsutsa omangawo, popeza cimene cinawatuma cinali cifundo. Cobvuta cinali cakuti khomo lolowera linali lotakata, koma loturukira lopapatiza. Anthu oposa 50,000 analowamo, ndipo pafupifupi theka la iwo anafera momwemo.

M'caka ca 1955 odwala m'zipatala zotere m'Amereka monse anapitirira 550,000. Pamenepo mankhwala ochedwa chlorpromazine anali atayamba kufala, boma nalonso linatopa ndi kulipira nyumba zazikuruzo, ndipo zinayamba kutsekedwa imodziimodzi. Willard anatsekedwa m'caka ca 1995.

Caka comweco anchito, poyendera nyumba zakale, anatsegula citseko ca cipinda ca m'denga, napeza masutikesi oposa 400 atandandalikidwa pamathandala, a amuna mbali yao, a akazi mbali yao, onse ali ndi maina. Awa anali akatundu amene odwala anafika nao pakati pa 1910 ndi 1960. Eni ace atamwalira, panalibe mbale wodzatenga, ndipo anchito analibe mtima wowataya. Anawapereka ku nyumba yosungiramo zakale ya boma ku Albany, ndipo Jon Crispin anayamba kuwajambula m'caka ca 1011 ndi 1000, ndiko kuti 2011.

M'menemo munali makalata, zithunzi za abale, singano ndi thonje, miswaci, zikho za tiyi, ngakhalenso zobvala za usilikali zopindidwa bwino. Taganizani, inu amene munamangapo katundu wa paulendo. Munthu wotenga singano ndi thonje ndiye woyembekeza kusoka. Wotenga zobvala zace zokoma ndiye woyembekeza tsiku lozibvala. Ndiyesa ambiri a iwo anati m'mtima mwao, tikakhala kanthawi, tikabwera. Ena anakhala zaka 30, ena 40, sutikesi iri cikhalire kudenga.

Pali cinthu cimodzi cimene cindibvuta. Cifukwa ca lamulo losunga cinsinsi ca odwala, wojambulayo sanaloledwe kuonetsa maina onse, koma dzina loyamba ndi cilembo cimodzi cokha. Lamulolo liri ndi nzeru yace, pakuti abale ena akadali moyo ndipo manyazi a nthenda iyi sanathe. Komatu kumanda a Willard kwagona anthu 5,776 amene anaikidwa ndi nambala m'malo mwa dzina, ndipo kubisanso maina ao kufanana ndi kuwaika kaciwiri.

Ambiri a mandawo anakumba wodwala mnzao, Lawrence Mocha, amene anakumba oposa 1,500 ndi manja ace, wosalandira malipiro. Iye anamwalira m'caka ca 1968, naikidwa nayenso ndi nambala. Anthu a m'deralo anaumirira boma zaka zingapo, kufikira m'caka ca 2015 linalola kuti dzina lace lilembedwe pamwala kumandako.